Ndatopa kuntchito, ndatopa pakhomo, holide sinandithandize: chikundichitikira n'chiyani?

Funso: Ndine mphunzitsi pa CDSS ina, ndili ndi zaka 41. Ndimaphunzitsa mapiriyodi 32 pa sabata, ndipo m'makalasi ena ana amapitirira 90. Kunyumba ndili ndi ana atatu komanso amayi anga amene anachita sitiroko chaka chatha. Malipiro amafika atadulidwa kale ngongole. Kwa miyezi isanu tsopano ndimadzidzimuka 3 koloko usiku, tulo osabweranso. Mutu ndi khosi zimawawa, ndimakalipira ana pa zinthu zazing'ono. Chikundiopsa n'chakuti ntchito imene ndinkaikonda sindikuifunanso, mwana akalephera sindimva kanthu. Holide yapitayi ndinagona mokwanira, koma sukulu itangotsegulira zonse zinabwerera. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 4 nayenso akuwerenga mpaka 1 koloko usiku miyendo ili m'beseni la madzi ozizira, ndipo wayamba kudandaula m'mimba. Kodi ndi ulesi, matenda, kapena chiyani?

Yankho: Mayi, uwu si ulesi. Waulesi sadandaula kuti wasiya kumva chisoni mwana akalephera mayeso. Inu zikukuopsani chifukwa ntchitoyo munkaigwira ndi mtima wonse. Zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndi chimene azaumoyo amachitcha burnout, kutheratu mphamvu chifukwa chopanikizika nthawi yaitali popanda mpata woti thupi libwerere m'malo. Komabe pali matenda ena, a m'thupi ndi a maganizo, amene amabwera ndi zizindikiro zomwezi, ndipo kudzuka 3 koloko kwa miyezi isanu n'chifukwa chokwanira choti wachipatala akuoneni. Ndifikako, koma tiyambe ndi zimene zikuchitika m'thupi mwanu.

Ubongo ukaona choopsa, kaya ndi njoka panjira kaya meseji ya mwini ngongole, umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri timene tili pamwamba pa impso. Timeneti timatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Adrenaline imagwira m'masekondi ochepa: mtima umagunda msanga, mpweya umafupika, minofu ya m'khosi, m'mapewa ndi m'nsagwada imakungika, magazi amachepa m'mimba n'kuthamangira kumiyendo ndi kumikono. Cortisol imatsatira patapita mphindi zingapo. Imakweza shuga m'magazi n'kuchedwetsa ntchito zimene zingadikire, monga kugaya chakudya ndi zina za chitetezo cha m'thupi. Zonsezi n'zothandiza choopsacho chikakhala chodutsa. Njoka imalowa m'tchire, mtima n'kukhazikika. Koma ngongole, wodwala pakhomo ndi makope 90 osachonga zimakhalapo mukamagona, mukadzuka n'kuzipeza. Mu 1936 wasayansi Hans Selye, ali ku Montreal m'dziko la Canada, anaonetsa kuti thupi lopanikizika mosalekeza limayamba ndi kudzidzimuka, kenako limalimbikira kwa nthawi ndithu ngati kuti zonse zili bwino, potsiriza n'kufooka. Gawo lapakatilo ndi limene limanyenga, chifukwa munthu amaoneka wamphamvu, anthu n'kumamuyamikira, n'kumamuonjezera ntchito.

Mutu ndi khosi zikuwawa chifukwa minofuyo yakhala yokungika miyezi yambiri. Kudzuka 3 koloko nako kuli ndi chifukwa chake: tulo tofa nato timachuluka m'maola oyamba a usiku, chakum'bandakucha tulo timapepuka, ndipo nthawi yomweyo cortisol imayamba kukwera kukonzekera tsiku. Munthu wopanda nkhawa amatembenuka n'kugonanso osadziwa n'komwe kuti anadzuka. Inu mukangotsegula maso, mawerengero a ndalama ali kale m'mutu. Ndipo ubongo wosagona umavutika kudziletsa, n'chifukwa chake kapu yosatsuka ikukukalipitsani ngati mwana wachita chinthu chachikulu.

Chimene chakuopsani kwambiri, kusamva kanthu mwana akalephera, ndicho chizindikiro chenicheni cha burnout. Mu 1974 katswiri wa za maganizo Herbert Freudenberger anachifotokoza ataona anthu odzipereka pa chipatala china chaulere ku New York, amene anayamba ntchito ndi changu koma patapita nthawi n'kuuma mtima kwa odwala awo omwe. Katswiri wina, Christina Maslach, anapitiriza kafukufukuyu pakati pa anamwino, aphunzitsi ndi ena osamalira anthu. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalemba kuti vutoli limadziwika ndi zinthu zitatu: kutha mphamvu, kuitaya mtima ntchito kapena kuyamba kuinyansidwa, ndi kuona kuti sukuthanso kuigwira bwino. WHO silinaliike m'gulu la matenda, linati ndi vuto lochokera ku mmene ntchito ilili. Kuuma mtimako ndi njira imene maganizo amadzitetezera. Mtima sungathe kumva chisoni cha ana 90 kuwirikiza makalasi angapo, tsiku ndi tsiku, pamene kunyumba kukudikira wodwala, ndiye umangotseka. Chifundo chanu sichinafe, chimabwerera katundu akachepa.

Holide sinathandize chifukwa inangokupatsani mpata wogona, zoyambitsa zonse n'kutsala pomwepo. Munda umene waguga chifukwa cholimidwa chimanga chaka ndi chaka sungachire poti wagonera mwezi umodzi. Pamafunika kusintha kalimidwe. Komanso holide yanu inali ya kusukulu kokha. Amayi ankafunikabe kusambitsidwa, ngongole inkadulidwabe.

Ambiri amaganiza kuti chimatopetsa ndi kuchuluka kwa ntchito basi. Kuchuluka kulipo, ndipo kumapha: kafukufuku amene WHO ndi bungwe loona za ntchito la ILO anatulutsa mu 2021 anapeza kuti ogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata ali ndi chiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 peresenti, ndi chomwalira ndi matenda a mtima chokwera ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Lamulo la za ntchito la ku Malawi la mu 2000 limaika maola 48 pa sabata, koma maola amene mphunzitsi amachonga makope patebulo la kunyumba, kulemba masikimu Lamlungu masana, ndi kusamalira wodwala usiku palibe amawawerenga. Maslach ndi mnzake Michael Leiter anapeza kuti pali zina zimene zimatopetsa mofanana kapena kuposa. Chimodzi ndi kusowa chonena pa ntchito yako: kupatsidwa kalasi, taimutebulo ndi maudindo popanda kufunsidwa. China ndi mphotho yosafanana ndi thukuta, ndipo apa sindikufunika kukuuzani zambiri. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro omwewo anayamba kugula zochepa. Kukondera kumapweteka mwapadera: wina ali ndi mapiriyodi 18, ndiye amene amapita ku maphunziro okhala ndi alawansi, wina 32 ndipo sapita kulikonse. Pamapeto pake pali kukakamizika kugwira ntchito mosemphana ndi chikumbumtima, monga kuthamangitsa silabasi ukuona ndithu kuti theka la kalasi latsalira. Dzifunseni kuti mwa zimenezi chikukudyani kwambiri n'chiti, chifukwa chochita chimasiyana. Wotopa ndi kukondera sachira pomuchotsera mapiriyodi awiri.

Pakhomo pali katundu wina amene anthu samuona ngati ntchito. Kusamalira munthu wa sitiroko kulibe nthawi yowerukira: kumutembenuza maola awiri alionse ngati sadzuka kuti asatuluke zilonda, kumudyetsa pang'onopang'ono kuti asatsamwe, kuchapa, kumunyamula. Ndipo mwambo wathu umaika zonsezi pa mwana wamkazi, makamaka amene ali pa ntchito ya malipiro, poti "ndi amene ali nazo". Wosamalira wodwala amakhala ndi chisoni, mkwiyo ndi kudziimba mlandu nthawi imodzi, ndipo mkwiyowo sautchula chifukwa wodwalayo ndi mayi ake. Mkwiyo wosatchulidwawo ndi umene umakagwera ana. Mwana wanu wa Fomu 4 akuona zonsezi, ndipo n'kutheka kuti mumtima mwake waganiza kuti mapointi ake ndiwo adzapulumutse banja.

Tsopano chochita. Choyamba pitani kuchipatala sabata ino, ndipo musakangonena kuti "mutu ukuwawa", chifukwa mudzapatsidwa Panado n'kubwerera. Kanene kuti mwatopa kwa miyezi isanu, mukudzuka 3 koloko, ndipo chidwi pa ntchito chatha. Pemphani kuti akuyezeni BP. Ikapezeka pa 140/90 kapena kuposa maulendo angapo pa masiku osiyana, ikufunika kuisamalira payokha, makamaka poti amayi anu anachita sitiroko. Akuyezeninso kuchuluka kwa magazi: kwa mayi amene sali woyembekezera, mlingo wa magazi (Hb) wotsika kuposa 12 ndi kuchepa kwa magazi, ndipo msambo wochuluka umabweretsa zimenezi mwakachetechete. Shuga, HIV, chifuwa chachikulu ngati mukutsokomola kapena kuonda, ndi vuto la chithokomiro zonse zimatopetsa mofanana. Pa msinkhu wanu, ngati msambo wayamba kusinthasintha ndipo mukutuluka thukuta usiku, nenaninso, chifukwa kusintha kwa mahomoni kumasokoneza tulo zaka zingapo msambo usanaleke.

Chachiwiri chofunika kusiyanitsa ndi matenda a kukhumudwa, amene ena amati depression. Burnout nthawi zambiri imamatirira pa ntchito: Loweruka ku ukwati mumaseka, nsima ya ndiwo zabwino imakomabe, Lolemba m'mawa mtima n'kulemeranso. Kukhumudwa kumaphimba zonse. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse, mwakhala wachisoni kapena palibe chimene chikukusangalatsani, ngakhale nyimbo za kutchalitchi ndi kucheza ndi anzanu, chilakolako cha chakudya chasintha, mukudziona wopanda pake, maganizo sakukhazikika, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi chithandizo. Kudzuka m'bandakucha osagonanso ndi chimodzi mwa zizindikiro zake, n'chifukwa chake ndikulimbikira kuti mukaonedwe. Simukufunika kuyambira ku Zomba Mental Hospital. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi namwino kapena dokotala woona za maganizo, ndipo thandizo lilipo ku Bwaila ku Lilongwe, ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Akakupatsani mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti amayamba kumveka pakapita masabata awiri mpaka anayi, ndipo amapitirizidwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi mutapeza bwino. Ambiri amasiya sabata yoyamba poti "sakugwira", kapena mwezi wachiwiri poti "ndachira", matenda n'kubwerera.

Mukachoka kuchipatala, tengani kope lakale, mulembe kwa masiku 7 chilichonse chimene mwachita ndi nthawi imene chatenga, kuyambira kukoleza mbaula mpaka meseji yomaliza ya pa WhatsApp ya gulu la aphunzitsi. Musalembe za m'mutu, lembani tsiku lomwelo. Ambiri amadabwa akaphatikiza maola. Kenako pa chinthu chilichonse funsani: kodi ichi chingachitidwe ndi ine ndekha, chingachitidwe ndi wina, kapena chingasiyidwe osafa munthu? Anthu otopa amaika pafupifupi zonse pa "ine ndekha". Kuphunzitsa kalasi yanu ndi kwanu. Kuchapa yunifolomu ya mwana wa zaka 12 si kwanu. Kukhala mlembi wa komiti ya kutchalitchi, msungichuma wa banki mkhonde ndi patroni wa kalabu ya kusukulu chaka chimene amayi anu ali chigonere kungadikire. Tulani udindo umodzi mwezi uno, ndipo tchulani nthawi: "Ndikupempha kupuma mpaka teremu yamawa." Anthu amalola msanga pempho lokhala ndi malire.

Kwa ahedi musapite ndi mawu akuti "ndatopa", chifukwa adzakuyankhani kuti tonse tatopa, ndipo mwina adzakhala akunena zoona. Pitani ndi pempho limodzi lochitika: kuti kalasi imodzi ipatsidwe kwa wina teremu ino, kapena kuti mapiriyodi anu asonkhanitsidwe kuti tsiku limodzi muziweruka msanga kukatengera amayi ku mafizo (masewera olimbitsa ziwalo a kuchipatala), kapena kuti akuchotseni pa dyute ya masana kwa miyezi iwiri. Tengani kalata ya kuchipatala ngati mwapatsidwa. Lankhulani nawo panokha, osati pa msonkhano wa aphunzitsi, pamene aliyense amateteza ulemu wake. Pa nkhani yochonga, mphunzitsi wa ana 90 amene akufuna kuona kope lililonse tsiku lililonse akudzipha, ndipo anawo sapindula kwenikweni ndi chizindikiro chofiira chopanda ndemanga. Ntchito zazifupi azisinthana makope n'kuchongerana inu mukufotokoza mayankho pa bolodi. Inu muzitenga makope 20 kapena 25 pa ulendo, mosinthasintha, kuti mwana aliyense aonedwe bwino kamodzi pa masabata awiri, ndipo zolakwa zimene zabwerezabwereza muzizikonza pamaso pa kalasi yonse. Ikani ola lomaliza kugwira kope, mwachitsanzo 8 koloko madzulo. Zotsala zidikire mawa.

Za amayi zikufunika msonkhano wa banja, ndipo ndikudziwa kuti ichi ndicho chovuta kuposa zonse. Musauitane mutakwiya, ndipo musauyambe ndi kudandaula kuti ena sakuthandiza, chifukwa udzasanduka mlandu. Pitani ndi kope lija: matewera kapena sopo ndi zakuti pa mwezi, mankhwala a BP ndi zakuti, ulendo wa kuchipatala ndi zakuti, maola a usiku ndi akuti. Kenako aliyense apatsidwe chake chodziwika. Mwachitsanzo, ngati pali achimwene amene ali ku Johannesburg, alipire munthu wothandiza masana. Achemwali apafupi azigona nawo mausiku awiri pa sabata. Amalume kapena wamkulu wina amene onse amamumvera akhalepo kuti zimene mwagwirizana zikhale ndi mboni. Pempho la "muzithandizako" silibala kanthu. La "Lachiwiri ndi Lachisanu usiku ndi anu" limayankhidwa kuti inde kapena ayi. Amayi a Mvano, a Dorika, a kumphakati kapena a kumzikiti amafunsa kawirikawiri kuti tithandize chiyani, ndipo wosamalira wodwala amayankha kuti "tili bwino". Ayankheni kuti Loweruka kuyambira 2 mpaka 5 koloko pakhale wina. Ndipo pemphani a mafizo aphunzitse anthu awiri kapena atatu a pakhomo kanyamulidwe ndi katembenuzidwe, kuti pasakhale chonamizira chakuti ndinu nokha mumadziwa. Bambo a kunyumba simunawatchule. Ngati alipo, kope lija alione, ndipo atenge ntchito yawoyawo, osati "kukuthandizani".

Ngongole imadzutsa anthu usiku kuposa china chilichonse, ndipo imaopsa kwambiri ikakhala m'mutu mokha. Ilembeni yonse: kwa ndani, zingati, chiwongola dzanja chake pa mwezi, tsiku lobweza. Yambani kupha ya chiwongola dzanja chachikulu, imene nthawi zambiri imakhala ya katapila, pamene phindu la mwezi umodzi limatha kufika theka la ndalama yobwerekayo. Cholakwa chimene chimamiza aphunzitsi ambiri ndi kutenga ngongole yatsopano kuti atseke yakale, kapena kuonjezera ija yodulidwa ku malipiro isanathe. Kumapepuka masabata awiri, dzenje n'kukula. Pitani kwa amene muli nawo ngongole tsiku lobweza lisanafike, mukapemphe kubweza pang'onopang'ono. Kuzemba foni kumawonjezera mantha anu kuposa awo.

Pa mavuto osanjikizana chotere pali njira imene yayesedwa kufupi nafe. Ku Harare, dokotala wa maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala n'kumathandiza anthu oganiza kwambiri, ndipo zotsatira za kafukufuku wake zimene zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti ambiri anapeza bwino. Mtima wa njirayi ndi wosavuta: tchulani mavuto onse, sankhani limodzi lokha limene mungathe kuligwira sabata ino, lembani njira zonse zimene zabwera m'mutu osaziweruza, sankhani imodzi, nenani tsiku ndi ola limene mudzaichite, sabata yamawa muonenso kuti zinayenda bwanji. Chimathandiza ndi chakuti ubongo umasiya kuzungulira pa mulu wonse. Chitani zimenezi ndi munthu mmodzi wosunga chinsinsi, kwa mphindi 30 pa sabata.

Tulo tikonzeni motere. Dzukani ola lomwelo tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, chifukwa ola lodzukira ndi limene limawongolera ola logonera. Tiyi, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zithere 2 koloko masana: theka la caffeine, chinthu chothawitsa tulo chimene chili m'zakumwazi, limakhala lili m'magazi patapita maola asanu. Chakumadzulo, musanadye, khalani mphindi 15 ndi kope kulemba zodetsa nkhawa ndi chimene mudzachite pa chilichonse, kuti zikabwera 3 koloko muzitha kunena kuti zalembedwa kale. Mukadzuka usiku n'kutha mphindi ngati 20 osagona, tulukani pabedi, mukhale pampando pa kuwala kochepa, osagwira foni kapena makope, mubwerere tulo tikabwera. Kugubuduka pabedi maola awiri kumaphunzitsa ubongo kuti bedi ndi malo owerengera ngongole. Mukagona masana zisapitirire mphindi 30. Mtima ukamathamanga, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6, kwa mphindi zisanu. Kutulutsa motalikitsa kumadzutsa mitsempha imene imakhazika mtima. Kuyenda ndawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata, kumakwana mphindi 150 zimene WHO imalimbikitsa, ndipo kumathandiza tulo, BP ndi maganizo pamodzi. Ngati mumakwera kabaza pobwerera, tsikirani patali pang'ono, mphindi zimenezo zikhale zanu musanalowe pakhomo. Koma ndinene mosabisa: kupuma mpweya ndi kuyenda sikungalowe m'malo mwa kuchepetsa katundu. Amene amauza munthu wa mapiriyodi 32 ndi wodwala pakhomo kuti angophunzira kudekha akumulakwira.

Pali zinthu zimene anthu otopa amathawirako zimene zimaonjezera vuto. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku. Panado kapena mankhwala ena a ululu akamamwedwa masiku 15 kapena kuposa pa mwezi amayamba okha kuyambitsa mutu, munthu n'kumaonjezera. Brufen, aspirin ndi indocid zimakanda m'mimba, makamaka pa njala. Diazepam, mankhwala ogonetsa, wogula mwamseri amazolowereka m'masabata ochepa, ndipo kumusiya mwadzidzidzi n'koopsa. Pemphero ndi mpingo zimalimbitsa anthu ambiri, ndipo musazisiye. Chimene ndimakana ndi kuuza munthu kuti watopa chifukwa chikhulupiriro chachepa, kapena kumuonjezera mapemphero a usiku wonse pamene chimene akusowa ndi tulo.

Za mwana wanu. Beseni lija lichoke lero. Madzi ozizira amatsegula maso, koma zimene zawerengedwa zimakhazikika mu ubongo munthu ali mtulo, ndipo wa msinkhu wake amafunika maola 8 mpaka 10. Wogona 1 koloko n'kudzuka 5 amawerenga tsamba limodzi katatu osagwira kanthu, amaodzera m'kalasi, akaona kuti sakukumbukira amachita mantha n'kuonjezera maola, ndipo mayeso a MANEB amamupeza atatha kale. Maola awiri kapena atatu madzulo, ogawidwa mphindi 40 kapena 45 ndi kupuma mphindi 10 pakati, amakwana ngati akugwiritsidwa bwino. Kubwereza manotsi kumanamiza, chifukwa tsamba limaoneka lodziwika. Atseke buku, alembe zimene akukumbukira, atsegule aone zimene wasiya. Ayankhe mapepala a MSCE a zaka zapitazo ataika wotchi, mutu womwewo aubwererenso patapita masiku awiri, kenako sabata. Pofika 10 koloko akhale atagona. M'mimba mwake mungakhale mukuwawa chifukwa nkhawa imasokoneza matumbo, kuphatikizapo kudumpha chakudya ndi kumwa khofi pa njala. Zilonda zenizeni zam'mimba nthawi zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori kapena mankhwala a ululu aja, choncho ululu ukapitirira masabata awiri akaonedwe. Akasanza magazi, akachita chimbudzi chakuda bii, kapena akayamba kuonda, apite tsiku lomwelo. Muonenso ntchito zimene akugwira pakhomo, chifukwa mtsikana wa m'nyumba ya wodwala amasanduka namwino wachiwiri osauzidwa. Ndipo mumuuze ndi pakamwa panu kuti ngongole ndi matenda a agogo ake si katundu wake, ndi kuti mapointi alionse amene adzapeze adzakhalabe mwana wa pakhomopo. Mawu akuti "tonse tikudalira iwe" makolo amawanena pofuna kulimbikitsa, koma kwa mwana wamantha amalemera kwambiri.

Musayembekezere kuchira m'sabata imodzi. Katundu akachepadi, tulo ndi mkwiyo zimayamba kusintha pa masabata angapo, chidwi pa ntchito chimabwera mochedwerapo, nthawi zina patapita miyezi. Ngati patapita masabata 6 mwachita izi koma palibe chasintha, bwererani kuchipatala. Ndipo ngati inu, mwana wanu kapena bambo a kunyumba mwayamba kuganiza kuti bola kufa, kapena wina wayamba kulankhula zotsanzika ndi kugawa katundu wake, musadikire. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha; kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata wolankhula. Asakhale yekha, mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi osungidwa achotsedwe m'nyumba, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Abambo amabisa kwambiri, makamaka pa nkhani ya ngongole, ndipo mwa iwo kupanikizika kumaonekera pa kumwa, kukhala chete ndi kuchedwa kubwera kunyumba. Kupweteka pachifuwa, kufooka mbali imodzi ya thupi, kupindika kamwa kapena kulephera kulankhula bwino musazitenge ngati kutopa: thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.